Onani kaye amene waima patali pa chithunzi

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga. Mukuti mukulemba sewero la banja limene likugawanika bambo atamwalira, ndipo aphunzitsi anu akuuzani kuti muyambe mwaphunzira ntchito za akatswiri ojambula zithunzi. Ndiye mukufunsa kuti zithunzi ndi sewero zikukumana pati, komanso muyambire pa ndani. Anzathu ena akupatsani kale mayina ambirimbiri, ndipo mayinawo ndi abwino, koma musathamangire kuwaloweza. Sankhani anthu atatu kapena anayi, mukhale nawo pansi mofatsa.

Aphunzitsi anuwo sakukutayitsani nthawi ayi. Matenda athu olemba masewero a banja ndi kulankhulitsa anthu mopyola muyezo. Mwana akakwiyira mayi ake, timamulembera mawu oti anene kuti wakwiya, afotokoze chifukwa chake, atchulenso chaka chimene zinayamba. M'banja lenileni zinthu zikuluzikulu sizituluka pakamwa chonchi. Zimaonekera pa mpando umene munthu wasankha, pa dzanja limene lakana kufika paphewa la mnzake, pa uja waima pakhomo pomwe ena onse akhala pansi. Wojambula chithunzi alibe mawu oti abisalemo, choncho maso ake anazolowera kuwerenga matupi a anthu. Luso limenelo ndi limene akufuna kuti mukatenge.

Ndikadakhala inu ndikadayamba ndi Carrie Mae Weems wa ku America, pa zithunzi zake zotchedwa Kitchen Table Series za mu 1990. Zilipo 20, ndipo zonse anazijambulira pamalo amodzi: tebulo, getsi limodzi lolendewera pamwamba pake, kamera ili kumapeto kwa tebulolo, malo amene pakadakhala mlendo. Mayi amene akuoneka m'zithunzimo ndi Weems mwiniwake, akuchita ngati mtengambali m'sewero. Tebulo silisuntha, getsi silisuntha, amene amasintha ndi anthu basi. Pena mayiyo akusewera makhadi ndi mwamuna. Pena mwamunayo maso ali pa nyuzipepala, mayi ali pompo koma ngati palibe. Pali china chimene mayiyo ndi kamtsikana aliyense ali ndi kagalasi kake, onse akupaka milomo, mwana akutsata mapazi a mayi ake popanda wina kumuuza kanthu. Kumapeto mayi uja watsala yekha, akudzisewerera makhadi. Weems analembanso mawu oyenda ndi zithunzizi, koma inu muyambe mwaziona musanawawerenge. Muona chikondi chikuyamba, chikuzilala, mwana akukula, nyumba ikukhala zii, zonse pa tebulo limodzi. Munthu amene ali ndi siteji yaing'ono ndi katundu wochepa aphunzira zambiri pamenepa kuposa m'buku lililonse la malangizo. Dzifunseni pa chithunzi chilichonse kuti ndani ali pansi pa kuwala, ndani wakankhidwira kumdima, ndipo pakati pa anthu awiriwo pali mpata wautali bwanji.

Mukachoka apo pitani kwa Seydou Keïta wa ku Bamako, m'dziko la Mali. Iyeyu anatsegula situdiyo yake mu 1948 ndipo anajambula anthu miyandamiyanda mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Ankajambulira pabwalo ndi kuwala kwa dzuwa, kumbuyo atapachika nsalu yamaluwamaluwa, ndipo ankasunga zinthu zobwereketsa makasitomala: wailesi, wotchi, cholembera, suti, njinga yamoto, ngakhale galimoto. Munthu wopanda wailesi kunyumba ankajambulitsa atatsamira wailesi. Ena amaona ngati chimenechi ndi chinyengo, koma ine sindikuona choncho. Anthuwo ankanena zoona zina, zoona za mmene ankafunira kuti dziko liwadziwe. Onani chithunzi chija cha bambo wathupi lalikulu, wavala mkanjo wotambalala, wanyamula khanda laling'onong'ono pamwendo pake, nkhope yonse ili chimwemwe. Onaninso za mabanja, muone amene wapatsidwa mpando, amene waima kumbuyo kwake, amene wavala nsalu yofanana ndi mnzake, ndi mwana amene waikidwa kutsogolo kuti aonekere.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani yanu. Banja lililonse lili ndi nkhope ya kwa Keïta, yovala bwino ndi yoima mwadongosolo, komanso lili ndi tebulo la kwa Weems, alendo akapita. Masewero ambiri amakono okhudza banja amachitikira pakati pa ziwirizi. Oonerera amayamba aona banja mmene limadzionetsera, kenako amaliona likuvula chimodzichimodzi. Mukangoonetsa mbali imodzi, sewero limafa: kaya likhala la anthu abwino okhaokha, kaya la anthu ongotukwanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osadziwika chimene akutaya.

Olemba masewero ena anazindikira zimenezi mpaka kulowetsa kamera pa siteji penipeni. Werengani Sizwe Banzi Is Dead, limene Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona anapangira limodzi, n'kuonetsedwa koyamba ku Cape Town, m'dziko la South Africa, mu 1972. Limayambira mu situdiyo ya wojambula dzina lake Styles, ku New Brighton mumzinda wa Port Elizabeth. Styles amasimba za banja lina lalikulu limene linabwera kudzajambulitsa, kuyambira agogo mpaka tizidzukulu, ndi mmene anavutikira kuti aliyense akhale pamalo pake ndi kumwetulira. Mwana wamkulu atabwera kudzatenga chithunzicho, nkhalamba ija inali itamwalira, osachiona. Kenako akulowa Sizwe, amene wasiya mkazi wake Nowetu ndi ana ku King William's Town kudzafuna ntchito, koma chitupa chake, chimene anthu akuda ankayenera kuyenda nacho pa nthawi ya ulamuliro wa tsankho ku South Africa, sichikumulola kukhala mumzindawo. Kuti apeze ntchito watenga chitupa cha munthu wakufa, Robert Zwelinzima, atasinthanitsa tizithunzi ta m'zitupazo. Tsopano akufuna chithunzi choti atumizire mkazi wake, atavala suti ndi chipewa, akumwetulira ngati zonse zili bwino. Taganizani: kachithunzi kamodzi kamufafaniza dzina, china chikupita kunyumba kukatonthoza banja limene wadzitayira dzinalo. Mkazi ndi anawo saoneka pa siteji ngakhale kamodzi, koma chilichonse chimene Sizwe akuchita akuchitira iwowo. (Henrik Ibsen naye, kale mu 1884, anapanga mwini nyumba wa mu The Wild Duck kukhala wojambula zithunzi, pomwe ntchito yeniyeni ya situdiyo akuigwira ndi mkazi wake Gina, ndipo banjalo laima pa chinsinsi chimene chikadzaululika chimatenga moyo wa mwana wawo Hedvig. Mukapeza mpata mudzaliwerenge.)

Popeza bambo wa m'sewero lanu wamwalira lisanayambe, pali masewero awiri amene simuyenera kuwadumpha. Loyamba ndi The Glass Menagerie la Tennessee Williams, la mu 1944. Bambo wa m'nyumbamo anathawa banja zaka zambiri zapitazo, koma chithunzi chake chachikulu chili pakhoma, akumwetulira, atavala chipewa cha usilikali. Mkazi wake Amanda amachiyang'ana akamakumbukira utsikana wake, mwana wamwamuna Tom amakhala pansi pake akulakalaka kuchoka, ndipo pomaliza amachokadi monga anachitira bambo ake, kusiya mayi ndi mlongo wake Laura. Munthu amene sanena liwu ndi limodzi lomwe ndi amene akukoka aliyense m'nyumbamo. Musangotengera kupachika chithunzi pakhoma, chifukwa ambiri achita kale zimenezo. Tengani funso lake: wakufayo kapena wothawayo wasiya chiyani m'chipinda chimene amoyo sangathe kuchilambalala?

Lorraine Hansberry anayankha funso lomwelo mwa njira ina mu A Raisin in the Sun, mu 1959. Bambo wa banja la Younger wamwalira, ndipo chimene wasiya ndi cheke cha inshuwalansi cha madola 10,000. Mayi akufuna nyumba, mwana wamwamuna Walter akufuna kulowetsa ndalamazo mu bizinesi ya mowa, mlongo wake Beneatha akufuna sukulu ya udokotala. Koma onani mmene Hansberry anakonzera malowo anthu asanayambe kukangana za ndalama. Ndi kanyumba kopanikiza ku South Side mumzinda wa Chicago, mdzukulu Travis amagona pa sofa pabalaza, bafa ndi logawana ndi mabanja ena moti m'mawa kumakhala kulimbirana, ndipo kuwala kumalowera pa kawindo kamodzi pamene mayi amaika kambewu kawo ka mumphika. Mutajambula siteji imeneyo munthu asanalankhule, chithunzicho chokha chinganene kuti anthuwa amakondana koma malo awachepera. Mkangano wa ndalama ukamabuka, oonerera amakhala ataumva kale m'thupi.

Awiri kapena atatu mwa anzathu amene akuyankhani kale atchula wojambula zithunzi Dorothea Lange ndi chithunzi chake cha mu March 1936, chija chotchedwa Migrant Mother, chimene anajambula ku Nipomo ku California pa nthawi ya umphawi waukulu wa ku America. Chioneni ndithu, koma musaone chotchukacho chokha. Lange anajambula zingapo tsiku lomwelo, akusendera pafupi pang'onopang'ono, ndipo zinazo zimapezeka pa intaneti. M'zoyambazo mukuoneka tenti, katundu ndi mwana wamkulupo. M'chomalizacho zonsezo zachotsedwa, patsala mayi wagwira kuchibwano, maso ali kutali, ana awiri abisa nkhope kumapewa ake, khanda lili pamiyendo. Kuziika pamzere zithunzizo ndi phunziro la kudula, ndipo wolemba sewero amafunika phunziro limenelo tsiku lililonse. Patapita nthawi, chala chachikulu cha mayiyo chimene chinagwira mtengo wa tenti pakona chinafufutidwa kuti chisasokoneze maso. Nkhani ina imene imandiwawa ndi yakuti Lange sanalembe dzina la mayiyo. Dziko linadzadziwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kuti anali Florence Owens Thompson, ndipo mwiniwake anadandaula kuti nkhope yake inazungulira dziko lonse iye osapindula nayo kanthu.

Zimenezi zikukukhudzani ngati banja la m'sewero lanu lili ndi fungo la banja lanu lenileni, ndipo nthawi zambiri zimakhala choncho. Apa mpofunika Larry Sultan, wojambula zithunzi wa ku America. Kwa zaka pafupifupi khumi ankapita kwa makolo ake, Irving ndi Jean, ku California, kumakawajambula m'nyumba mwawo, ndipo buku lake Pictures from Home linatuluka mu 1992. Muli chithunzi cha bambo ake atavala suti, akhala m'mphepete mwa bedi, manja ali pamiyendo, akuoneka ngati munthu wokonzekera ntchito imene kulibenso. Bambowo sanachilandire. Anamuuza mwana wawo kuti munthu wa pabediyo si iwo, koma ndi maganizo a mwanayo, poti ndi iye amene anawauza chovala ndi kakhalidwe. Chimene ndimamulemekezera Sultan n'chakuti sanabise kutsutsa kumeneko. Anakulemba m'buku momwemo pambali pa zithunzi, kuti makolo ake nawo amveke. Mkangano umenewo unali kale sewero, moti Sharr White anautenga n'kuupanga sewero lenileni limene linaonetsedwa ku Broadway, dera la nyumba zikuluzikulu za masewero ku New York, mu 2023, Nathan Lane akusewera ngati bamboyo. Inunso mtengambali amene mumamuona wolakwa m'banjamo, kaya ndi amalume, kaya ndi mwana woyamba, mumupatse mpata woti akutsutseni inu wolemba, ndipo mfundo zake zikhale zamphamvu zoti inuyo zikuvuteni kuyankha.

Kaphunziridwe kake kakhale kotere. Tengani chithunzi chimodzi patsiku, muchiyang'ane kwa mphindi khumi musanawerenge zimene ena analemba. Lembani amene ali pakati, amene ali m'mphepete, amene akukhudzana, ndi amene akuyenera kukhalapo koma palibe. Kenako lembani tsamba limodzi la zimene zinachitika kamera itangotsitsidwa: anayamba kusuntha ndani, anapita kuti, anasiya kumwetulira msanga ndani. Mukazolowera, chitani zomwezo ndi atengambali anu. Itanani anzanu amene adzasewere, muwaimike ngati akujambulitsa chithunzi cha banja bambo ali moyo, mujambule ndi foni. Chotsani bamboyo, muwauze aimenso, osawalangiza pokaima. Wina adzalowa pamalo pa bambo mosazengereza, wina adzasiya mpata, wina adzasendera kwa mayi, mwina winanso adzapezeka ali kumapeto yekha pomwe poyamba anali pakati. Ikani zithunzi ziwirizo pambali pa zimene mwalemba kale, ndipo paliponse pamene mtengambali akunena ndi pakamwa chinthu chimene chikuoneka kale pa kaimidwe kake, dulanipo mawuwo muone ngati gawolo silikuyendabe.