Postdoc ya ku Ulaya, kapena nditsalire pa nshawa za kuno?

Mayi wina wa ku Katete, amene wangomaliza PhD ku South Africa pa za chuku cha nshawa, wanditumizira imelo. Akuti pulofesa wina wa ku Germany wamuitana kukagwira postdoc, ntchito ya kafukufuku ya omwe amaliza PhD, ya zaka ziwiri mu labotale yake. Bungwe lina la kafukufuku wa ulimi nalonso lili ndi malo pa pulojekiti yoyendera alimi kuno kummawa. Achibale ake akuti asiye zonsezo, afunsire uphunzitsi pa yunivesite, poti mwana akuyamba sukulu. Akufunsa kuti atenge iti.

A Dokotala, mwagwira ntchito, ndipo tikunyadirani. Ine chomwe ndingayambe kufunsa si malipiro kapena dzina la mzinda. Postdoc ndi ntchito yakanthawi, ndiye tsiku lomwe kontrakiti idzathe, mudzatuluka ndi chiyani chomwe chili chanuchanu? Funso lofufuzalo mwini wake ndani? Zomwe mudzapeze adzasunga ndani? Nanga pa pepala losindikizidwa, dzina loyamba lidzakhala la ndani?

Zopita kunjazi zili pawiri, ndipo ambiri amazisokoneza. Kulowa mu pulojekiti ya pulofesa kuli ngati ganyu: malipiro mulandira, luso muphunzira, koma zokolola zikalowa m'nkhokwe ya mwini munda. Si zoipa, makamaka ngati pali luso lomwe mukulisowa, monga kusanthula DNA ya chuku chotchedwa Aspergillus flavus kapena kuyeza aflatoxin, poizoni wochokera ku chukucho, ndi makina omwe kuno ndi ovuta kuwapeza. Koma pali njira inanso, yolemba ganizo lanu nokha n'kupempha fellowship, ndalama za kafukufuku zoperekedwa m'dzina lanu, pulofesayo n'kungokhala wokulandirani. Bungwe la Alexander von Humboldt lili ndi Georg Forster, ya ofufuza ochokera kumayiko ngati lathu, ya miyezi 6 mpaka 24, ndipo gawo la postdoc limafuna kuti PhD yanu isapitirire zaka 4. Ya Marie Skłodowska-Curie ya European Union imalandira anthu a dziko lililonse, malire ake ndi zaka 8 za kafukufuku chimalizireni PhD. Onsewa amaganizirako nthawi yomwe mayi anaima ntchito chifukwa cha uchembere. Mpikisano ndi woopsa, osanamizana. Koma mukawina, funso ndi lanu ndipo mudzabwera nalo kwanu.

Tsopano pa zomwe anthu a mu labotale saziganizira. Sayansi yanu imayendera mvula. Kuno nshawa timabzala mvula ikakhazikika, chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, kukumba n'cha mu Epulo ndi Meyi. Chaka chimodzi, mpata umodzi. Tiyerekeze kontrakiti ya zaka ziwiri yayamba mu Januwale. Nyengo yoyamba mwaipeza pakati, mbewu zili kale m'munda, simunakonze nokha mizere. Yachiwiri ndiyo yanu yathunthu. Yachitatu mudzabzala, koma pokolola kontrakiti idzakhala itatha. Ndiye kuti zaka ziwirizo zakupatsani nyengo imodzi yokha, pomwe owunika mapepala a zam'munda kawirikawiri amafuna kuona nyengo ziwiri. Ndipo chuku n'chamakani: chimalusa kwambiri mvula ikadula msanga, nthaka n'kuuma ndi kutentha pamene nshawa zikukhwima. Mukagwa m'chaka cha mvula yabwino mpaka kumapeto, alimi asangalala, koma inu mungapeze poizoni wochepa moti mitundu yomwe mukuyerekeza sionetsa kusiyana. Choncho musanasaine kulikonse, kaya ku Germany kaya kuno, tengani kalendala muwerenge nyengo za mvula, osati zaka.

Pa ichi pulojekiti ya kuno ikuposa. Siteshoni ya kafukufuku wa ulimi ya Msekera ili pafupi pomwepa, komwe kunachokera mitundu ya nshawa ya MGV4 ndi MGV5. Mukadutsa pa Mwami, Chitedze ya ku Lilongwe, komwe a ICRISAT, bungwe la kafukufuku wa mbewu, akhala akugwira za nshawa zaka zambiri, si patali. Chinenero cha alimi ndi chanu. Mlendo amatha miyezi asanadziwe kuti amayi ena amawaza madzi pa makoko kuti asavutike posenda, ndipo chinyonthocho ndicho chimaitana chuku. Inu munaziona muli mwana. Msika wa European Union sulola nshawa zodya anthu zopitirira mamaikirogalamu 4 a aflatoxin pa kilogalamu, ndiye amene angasonyeze pomwe poizoni amalowera pakati pa munda, poyanikira ndi thumba, ali ndi nkhani yomwe dziko likuifuna.

Msampha wake ndi wakuti ntchito zambiri za mapulojekiti zimatchedwa kafukufuku koma tsiku ndi tsiku ndi misonkhano, malipoti a opereka ndalama ndi kuwerenga anthu obwera ku maphunziro. Zaka zitatu zitha, galimoto mwayenda nayo mpaka Lundazi ndi Petauke, pepala lanu palibe. Afunseni poyera ngati mudzaloledwa kusindikiza zomwe mwapeza, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Za uphunzitsi sindichulutsa. Achibale sakulakwa. Malipiro okhazikika ndi chinthu chachikulu, komanso opereka ndalama ambiri amafuna kuti mukhale ndi yunivesite kapena bungwe lolandirira ndalamazo. Ndalama zakunja zimatha mwadzidzidzi: mu 2021 dziko la Britain litachepetsa thandizo lake kumayiko ena, pulogalamu ya FLAIR, yomwe inkathandiza asayansi achinyamata a mu Africa kuyambitsa kafukufuku wawo, inaima. Kungoti mukangolowa m'kalasi ya ophunzira mazanamazana ndi mulu wa mayeso ochonga, nthawi yolemba imasowa, pomwe zaka 4 zija zikuwerengedwabe.

Ndikanakhala inu, ndikanamuyankha pulofesayo sabata ino. Muthokozeni, kenako mufunseni ngati angavomere kukulandirani pa fellowship yanuyanu, ya ganizo lomwe zoyeserera zam'munda zikuchitikira kuno ndipo labotale yake ikuyeza zomwe mwatenga. Funsaninso ngati adzakulolani kubwera nthawi yokolola, komanso kuti zitsanzo za nthaka ndi za chuku zomwe mudzatumize zidzakhala pa pangano lotani, chifukwa zikangotuluka popanda chikalata n'kovuta kudzazitchanso zanu. Musaiwale kufunsa za nyumba, viza ndi sukulu ya mwana. Kenako pezani anthu awiri omwe anagwirapo postdoc kwa iyeyo, muwafunse pambali kuti anatuluka ndi mapepala angati okhala ndi dzina lawo poyamba, ndipo lero ali kuti.

Akakana zonsezi n'kungoti bwerani tidzakambirana mukafika, ine ndingatenge ya kuno, bola avomere za kusindikiza zija, n'kumalemba pempho la Georg Forster madzulo zaka zisanakuthereni.