Ofesi yoyamba: werengani pepala la lendi musanagule mipando

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Iye ndi anzake awiri amapanga mawebusayiti ndi kukonza zithunzi zotsatsira malonda, ndipo mpaka pano akhala akugwirira ntchito pabalaza pake ku Area 25. Tsopano apeza chipinda ku Old Town, eni nyumba akufuna lendi ya miyezi itatu nthawi imodzi, ndiye akufunsa kuti: "Tikonzekere chiyani tisanasamuke?"

Achemwali, zikomo polemba. Ndiyambe ndi funso lomwe simunandifunse: mukusamukiranji? Ngati makasitomala akuluakulu, monga mabungwe omwe si aboma ndi makampani, akukayika kukupatsani ntchito chifukwa mulibe adiresi yooneka, chifukwa chake n'chomveka. Ngati ndi phokoso la ana ndi alendo obwera popanda kupangana, yambani mwafunsa kumalo ogwirira ntchito limodzi ngati mHub, muone mtengo wa desiki. Lendi simadikira kuti kasitomala akulipireni. Mwezi ukatha, watha.

Tinene kuti mwatsimikiza. Chinthu chomwe ndikufuna muthere nthawi yambiri ndi pepala la mgwirizano. Ambiri amasaina mothamanga poopa kuti wina awalanda chipinda, ndipo ma ejenti amadziwa kuwotcha mtima: "Pali wina akubwera mawa ndi ndalama m'manja." Musiyeni abwere. Pemphani pepalalo mupite nalo kunyumba. Onani kuti lendi ikhoza kukwezedwa liti komanso ndi zingati. Nkhaniyi si yaing'ono kwathu kuno. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo pepala likakhala chete pa za kukweza, eni nyumba amangobwera ndi mtengo watsopano mwezi wotsatira. Ngati lendi yatchulidwa m'madola, kapena akuti idzitsatira dola, lingalirani kawiri, chifukwa inu mumalandira makwacha. Onaninso notisi: mukafuna kutuluka mudzawauze miyezi ingati isanakwane, nanga iwo akafuna kukutulutsani? Dipoziti idzabwezedwa bwanji? Denga likamadontha mu Januwale akonza ndani? Mukagawa chipindacho ndi matabwa kapena kupenta, kodi potuluka adzakuuzani kuti mugwetse ndi ndalama zanu? Zonsezi zilembedwe. Lonjezo la pakamwa limaiwalika tsiku lomwe mwayambana. Tsiku lolandira makiyi jambulani makoma, mawindo, maloko ndi mita, zithunzizo mutumizirenso eni nyumba pa WhatsApp kuti pakhale umboni.

Komanso tsimikizani kuti amene mukumupatsa ndalamayo ndi mwini nyumbayo kapena womuimira weniweni. Lipirani kudzera kubanki, pa akaunti ya dzina lomwe lili pa mgwirizano, ndipo musachoke opanda lisiti.

Magetsi. Ntchito yanu ndi ya pakompyuta, choncho magetsi akazima ndalama zaima. Tonse tikukumbukira 2022, namondwe Ana ataononga siteshoni ya Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Anthu ankakhala maola ambirimbiri mumdima. Funsani ngati chipindacho chili ndi mita yakeyake ya ESCOM. Mita yogawana ndi saluni kapena wowotcherera zitsulo wapafupi idzakudyerani mayunitsi, mikangano osatha. Ngati nyumbayo ili ndi jenereta, dziwani amene amagula dizilo. Kwa anthu atatu a malaputopu, batire labwino ndi inverter (chipangizo chosintha mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba) zimakwanira, ndipo ine ndingagule zimenezo ndisanagule sofa yolandirira alendo.

Intaneti muiyese muli m'chipindamo, osati panja pamsewu. Pitani ndi simu ya TNM ndi ya Airtel masana apakati pa sabata, mukhale pomwe padzakhale desiki, mutumize fayilo yaikulu. Nyumba zina zamakoma ochindikala zimameza netiweki. Oyandikana nawo ndiwo angakuuzeni zoona za madzi, chimbudzi, ndi ngati kunathyoledwapo. Funsani iwo, osati ejenti.

Za boma n'zachidule koma musazizembe. Mukatsegula chitseko pamsewu, a khonsolo ya mzinda adzafuna laisensi ya bizinesi ya pamalopo, ndipo amayendera. Uzani a MRA adiresi yatsopano pa TPIN, nambala yanu yolipirira msonkho, muwafunsenso za msonkho umene bizinesi imayenera kudula pa lendi isanapereke kwa eni nyumba. Mugwirizane za msonkhowu ndi eni nyumbawo poyambirira, chifukwa ena amakwiya akaona ndalama yaperewera.

Mipando musavutike nayo. Akalipentala a m'mbali mwa msewu apanga matebulo atatu olimba pamtengo wabwino. Ndalama iikeni pa mipando yokhalira yosapweteka msana, maloko atsopano ndi zitsulo za m'mawindo.

Pomaliza, masamu. Lembani lendi, magetsi, madzi, intaneti, mlonda, woyeretsa, ndi thiransipoti ya tsiku ndi tsiku kuchokera ku 25 kukafika m'tauni, yomwe panopa simulipira. Muphatikize, muchulukitse katatu. Ngati mutalipira miyezi itatu ija simutsala ndi ndalama yoteroyo kubanki, pemphani eni nyumba kuti mulowe mwezi wina wakutsogolo, kapena funani chipinda chocheperapo kunja kwa Old Town.