Zida zosinthira magalasi opukusa kukhala amagetsi: kaodedwe kake ku Joni

Achimwene, mwafunsa ngati muli phindu kuoda kuno ku Joni zida zoti magalasi a galimoto opukusa ndi dzanja aziyendera magetsi, n'kumakagulitsa kumudzi. Lilipo, koma msika wake ngwochepa. Ma Vitz ndi ma Sienta odzera ku Dar es Salaam amafika ali ndi maswichi kale. Makasitomala anu ndi eni mapikapu: Hilux ya single cab, Nissan Hardbody, NP200, Isuzu KB, kuphatikizapo ma Tazz akale.

Zida zake n'zamitundu iwiri. Za universal, zopezeka m'mashopu a masipeya ndi kwa Matchaina ku Crown Mines, zimabwera za zitseko ziwiri kapena zinayi. M'bokosi mumakhala mota za 12V, maswichi, mawaya ndi timagiya tapulasitiki tosiyana mano. Makina akale onyamula galasi sachotsedwa. Mota imangozungulitsa pamene pankalowa chopukusira. Pofooka pake ndi pomwepo. Malabala a m'mbali akauma ndi fumbi galasi limalimba, mano a kagiya amadyeka, ndiye mota imangolira galasi lili phee. Womanga ayambe watsuka malabalawo, awapopere silicone, apake girizi pamakina. Ngati dzanja likuvutika kupukusa, motanso ivutika.

Mtundu wachiwiri, womwe ndimalimbikitsa, ndi regulator yathunthu (makina onse onyamula galasi), ya mota yake, yochotsa ku scrapyard m'galimoto yamtundu ndi chaka chomwecho. Yakumanja ndi yakumanzere sizisinthana, choncho muzilembe ndi maka pomwepo. Musalipire musanaiyese pa batire: mukagunditsa mawaya awiri ikwere, mukawatembenuza itsike, mosadodoma. Auzeni a ku scrapyard adule pulagi pamodzi ndi mawaya ake otalika ngati chikhatho, chifukwa pulagiyo ku Limbe mudzaifuna osaipeza. Swichi yaikulu, ya pachitseko cha dalaivala, ikhale ya galimoto ya chiwongolero chakumanja. Zina za ku China n'zakumanzere ndipo sizikhala bwino pachitseko chathu.

Ambiri amaononga ntchito pamawaya. Waya wobweretsa moto akhale wa 2.5 mm², fyuzi ya 20A mpaka 30A ikhale pafupi ndi batire, ndipo pakhale relay (kaswichi koyendera magetsi) yoyaka ndi kiyi. Polowa m'chitseko mawaya adutse m'labala. Akangodutsa pachitsulo, kutsegula ndi kutseka kumawasenda mpaka shoti. Malole ambiri ndi a 24V, mota ya 12V ipsa.

Katundu amadzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete, n'kulowa pa Mwanza kapena pa Dedza. Sungani invoice yeniyeni, ngakhale ya ku scrapyard, chifukwa popanda pepala a MRA amaika okha mtengo wowerengera msonkho. Komanso kugula chinthu ku South Africa sikuchisandutsa cha SADC choti msonkho wake utsike: chopangidwa ku China chimalipira msonkho ngati cha ku China. Ma regulator muwakulunge m'makatoni lililonse palokha ndipo muuze thiransipota asawaike pansi pa katundu wolemera. Njanji yake ikapindika pang'ono, galasi limakwera mopendama.

Musaode zambiri zongosunga. Kasitomala atumize pa WhatsApp mtundu wa galimoto, chaka, nambala ya chassis ndi chithunzi cha chitseko atachotsa chikuto chamkati, kuti muone mabowo a mabauti. Alipirekonso theka musanagule, poti chida chikakana ku Lilongwe, ndalama yochibwezera ku Joni imaposa mtengo wake.