Kodi ndalama za penshoni timasungitsa, timakongoza kapena timaikiza?

Bambo wina wa ku Dwangwa, amene anzake a kuntchito anamusankha kukhala mmodzi wa matrasti, anthu oyang'anira thumba lawo la penshoni m'malo mwa antchito onse, walemba kuti: "Tasainirana chikalata ndi kampani imene izigwiritsa ntchito ndalama za thumba lathu pogula masheya ndi kukongoza boma. Ndapemphedwa kuti ndikafotokozere anzanga m'Chichewa. Kodi chikalatachi ndi pangano, mgwirizano kapena kontirakiti? Nanga investment ndi compliance ndikati chiyani, poti pa wailesi ndimangomva kuinvesita ndi kukomplaya?"

Zikomo, bambo. Funso lanu loyamba silivuta. Chikalatacho ndi pangano. Mawuwa achokera ku mneni wakuti kupangana, ndipo anthu akapangana pamakhala chimene aliyense ayenera kuchita ndiponso tsiku lochichitira, n'chifukwa chake timati wakuti waphwanya pangano. Mgwirizano ndi wa mitima, ndipo utha kukhalapo popanda chilembo ngakhale chimodzi. Zipani zandale zimachita mgwirizano chisankho chikayandikira, n'kuumwaza mavoti atawerengedwa, popanda wina wokokeredwa kubwalo la milandu. Kontirakiti sindiikana, koma m'khutu la wantchito imatanthauza ntchito ya kanthawi, moti mukanena kuti thumba lasaina kontirakiti, ena afunsa kuti walembedwa ntchito ndani. Zolembedwa m'kati mwa panganolo muzitchule kuti mfundo, ndipo inu a ku Dwangwa mukudziwa bwino kuti mfundo ndi paja polimba pa nzimbe pamene mano amakanika. Zigawo zokhala ndi manambala ndizo ndime, monga ija amayeza m'munda popereka ganyu, yokhala ndi poyambira ndi pothera.

Pa investment m'pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa omasulira ambiri amalemba kuti kusunga kapena kusungitsa ndalama, ndipo ine ndikaona zimenezi mutu umandiwawa. Munthu wosungitsa njinga pamsika amayembekezera kuipeza njinga yomweyo, belu lake lili pomwepo. Kukongoza nakonso n'kwina, pakuti wokongola amabweza ndalama pamodzi ndi chiwongoladzanja ngakhale geni yake itagwa. Kampani imene mwapangana nayoyo sinalonjeze chilichonse mwa ziwirizi. Ikakugulirani masheya pa msika wa masheya wa ku Blantyre, umene kampani yoyamba kugulitsapo masheya ake inali NICO mu 1996, mtengo wake utha kukwera ndiponso utha kutsika. Mukauza anzanu kuti mwasungitsa ndalama zawo, tsiku limene lipoti lidzaonetse kuti zachepa adzakutchulani mbava, ndipo kumbali ya chiyankhulo sadzakhala atalakwa. Komanso kungosunga si chimene thumba likufuna, poti aliyense akukumbukira zimene zinachitikira ndalama zongokhala pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023.

Mawu oyenera tinali nawo kalekale, ndipo ndi kuikiza. Agogo anga aamuna anali ndi mbuzi zitatu zimene anakaikiza kwa msuwani wawo wa kutsidya kwa mtsinje kumene kunali msipu wabwino. Panalibe pepala, koma mfundo zake ndimazikumbukira mpaka lero. Mbuzizo zinali za agogo ndithu, pamodzi ndi ana amene zikanabereka. Wowetayo sankaloledwa kugulitsa kapena kupha popanda mawu a mwini. Ndipo zikaswana ankapatsidwa kamwana kamodzi kothokoza. Chaka china fisi anagwira imodzi kubusa, ndipo ndinaona ndi maso anga msuwani uja akufika m'mawa ndi chikopa chong'ambika ndi nyanga ziwiri, n'kuziyala pakhonde. Agogo anatembenuza chikopacho ndi ndodo yawo, anayang'ana mabala a mano, n'kunena kuti palibe mlandu. Koma chaka chimene mbuzi ina inasowa chifukwa anyamata anagona osatseka khola, munthu uja analipa popanda kukangana.

Tsegulani pangano lanu ndipo mupeza zomwezo zitavala jekete. Chuma chikhalabe cha thumba; kampani ili ndi malire a zimene ingagule; malipiro ake alembedwa; iyenera kumapereka malipoti; ndipo pali ndime yosiyanitsa kuluza kobwera ndi msika, kumene ndi fisi, ndi kuluza kobwera ndi kusasamala, kumene ndi khola losatseka. Ine sindikayika kuti kuikiza ndi kuika kumene kwatalikitsidwa pang'ono kuti chinthucho chifike m'manja mwa wina koma umwini n'kutsala kwa inu. Ndikuvomereza kuti masiku ano ena amati akaikiza ndalama kubanki pamene akutanthauza kungosungitsa, choncho muziwonjezera mawu awiri, n'kunena kuti kuikiza ndalama kuti zipindule. Ndalama zoikizidwazo ndi mpamba, zobwera pamwamba ndi phindu. Mawu akuti kusunga musawataye, ali ndi mwini wake: m'makonzedwe a penshoni mumakhala bungwe lina, kawirikawiri banki, limene ntchito yake ndi kusunga zikalata za umwini wa katundu wa thumba, kuti woikiza ndalama asakhalenso yemweyo wogwira makiyi. Ameneyo ndiye msungi.

Pali chinthu china chimene simunafunse koma chikudikirirani pa tsamba loyamba lomwe. Mapangano a m'Chingerezi amadzaza ndi kamawu kakuti shall, ndipo omasulira othamanga amakasandutsa -dza-, n'kulemba kuti kampani idzapereka lipoti kwa matrasti. Uku n'kulosera, monga timanenera kuti mvula idzagwa mu December, ndipo ikapanda kugwa palibe woimbidwa mlandu. Pangano silosera, limamanga. Nenani kuti kampani iyenera kupereka lipoti, kapena mwachidule kuti kampani ipereke lipoti. Pamene alemba may, apo ndi chilolezo chabe, ndipo mawu ake ndi ikhoza kapena ingathe. Pamene aletsa, musazungulire ndi mawu akuti sidzachita. Nenani kuti kampani isaikize ndalama zopitirira malire olembedwa pa masheya a kampani imodzi, kapena kuti siiloledwa kutero. Achinyamata amakonda kunena kuti ikuyenera, ndipo ngakhale khutu langa limakonda iyenera chifukwa udindowo ndi wa nthawi zonse osati wa lero lokha, pamenepa sindilimbana ndi munthu.

Tsono kukomplaya. Mawu obwereka sindidana nawo pamene abwera ndi chinthu chimene tinalibe, ndipo masheya, penshoni ndi laisensi ndinawalandira kale ndi manja awiri. Koma uyu wabwera pakhomo pamene eni ake alipo, ndiponso lilime la Mchewa limapunthwa pa zilembo zitatu zoumirizana pakati pakepo. Nenani kuti kutsata malamulo. Ndasankha kutsata osati kumvera, chifukwa timamvera munthu, monga mwana amvera kholo, koma timatsata njira kapena mapazi, ndipo wotsata amasiya mapazi akenso oti wina n'kuwaona. Izi n'zofunika, pakuti m'nkhani za ndalama sikokwanira kuchita bwino mwakachetechete. Kampani iyenera kuonetsa umboni, monga msuwani uja anayalira chikopa pakhonde. Malamulo otsatidwawo alipo awiri amene anzanu ayenera kuwamva. Lina ndi la penshoni, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 n'kulembedwanso mu 2023, ndipo ndi lija linakhazikitsa zoti pa K100 iliyonse ya malipiro, wolemba ntchito aziponya m'thumba K10 kapena kuposerapo, wantchito K5. Linalo ndi Financial Services Act ya 2010, imene inapatsa Gavanala wa Reserve Bank of Malawi udindo wa Registrar of Financial Institutions, wopereka ndi kulanda malaisensi. Ndinamvapo wina akumutchula mkuluyu kuti mlembi wa mabungwe azachuma, ngati kuti ntchito yake ndi kulemba maminitsi a msonkhano. Mutchuleni kuti woyang'anira mabungwe azachuma, ndipo musanapite kukayankhula ndi anzanu, onani ngati m'panganomo muli ndime yonena kuti lidzatha tsiku limene kampaniyo idzalandidwe laisensi.

Za dzina la udindo wanu, ndiulule kuti kumeneko ndinagonja. Pa msonkhano wina wa omasulira ndinalimbikira kuti trasti tizimutcha nkhoswe, popeza ankhoswe amaimirira anthu ena, amasunga mawu a pangano ndipo zinthu zikavuta amaitanidwa usiku. Mayi wina wachikulire amene anakhala kumbuyo anakweza dzanja mwaulemu n'kufunsa kuti, "Nanga akukwatira ndani?" Chipinda chonse chinafa ndi phwete, ndipo kuyambira tsiku limenelo inenso ndimangolemba kuti matrasti.