Uthenga wofiira uja sunachokere ku Microsoft

Mayi ena a ku Kasungu andilembera pa imelo. Akuti mwana wawo ankaonera mpira pa laputopu, mwadzidzidzi skirini yonse inafiira, makina n'kumalira, mawu akuti Microsoft yatseka kompyutayo chifukwa cha vayirasi, aimbe nambala imene inali pomwepo. Anaimba. Wolankhulayo anawauza kuti aike pulogalamu ya AnyDesk, imene imalola munthu wina kuyendetsa kompyuta ali kutali, koma bandulo inatha ali pakati. Akufunsa ngati agule ina kuti amalizitse.

Mayi, chonde musamalizitse. Amenewo ndi akuba.

Microsoft siimbira anthu foni kuwauza kuti kompyuta yawo ili ndi vuto, ndipo uthenga weniweni wa Windows sukhala ndi nambala yoti muimbe. Chimene munaonacho ndi tsamba la pa intaneti chabe, lopangidwa kuti lidzaze skirini n'kukuopsezani. Masamba oonetsa mpira waulere ndiye chisa chake cha zimenezi. Likabweranso, dinani Esc osachotsa chala kwa kanthawi, kapena Alt ndi F4. Zikakanika, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, mutseke Chrome kapena Edge mu Task Manager, mndandanda wa mapulogalamu otsegula umene utuluke. Potsegulanso, ikakufunsani zobwezeretsa masamba aja, kanani.

Pamene pandidetsa nkhawa ndi pa AnyDesk. Payokha si pulogalamu yoipa, amisiri enieni amaigwiritsa ntchito, monganso TeamViewer. Koma mukamuwerengera munthu nambala imene imaoneka pamenepo n'kuvomera, kompyuta yanu ili m'manja mwake: amaona zonse, mausi n'kumayenda okha. Kawirikawiri amatsegula Event Viewer, malo amene Windows imasungamo mbiri ya zochitika m'kompyuta, n'kukuonetsani zizindikiro zofiira ndi zachikasu, amvekere awa ndi mavayirasi. Bodza! Kompyuta iliyonse, ngakhale yabwinobwino, imakhala nazo. Kenako amafuna ndalama zokonzera, kapena amakuuzani kuti mulowe mu akaunti yanu ya kubanki iwo akuonerera. Ndimaganiza za makolo athu amene amagulitsa fodya ku Chinkhoma, ndalama za thukuta la chaka chonse zili ku banki. Foni imodzi yotere ikhoza kuzisesa.

Tsopano chitani izi. Ngati AnyDesk inalowa, ichotseni, kenako mutsegule Windows Security muyendetse Full scan, yofufuza mavayirasi m'kompyuta yonse. Ngati munawauza pasiwedi ya imelo, isintheni pogwiritsa ntchito foni, osati laputopuyo. PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, ndi timanambala timene banki imatumiza pa SMS, musauze munthu, ngakhale adzitchule bwana wa kampani. Ngati zina zinapulumuka pakamwa, pitani ku banki kapena ku shopu ya kampani ya foniyo lero lomwe, ndipo kanenenso kupolisi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kulowa m'kompyuta ya munthu popanda chilolezo.

Adzakuimbiraninso, mwina mokoma mtima, mwina mokalipa. Musatsutsane nawo, dulani foni n'kutseka nambalayo. Laputopuyo ikapitiriza kuvuta, pitani nayo kwa mmisiri pa Kasungu boma, amene mukumuona nkhope ndipo mukudziwa pamene amakhala.