Durán ndi Whitaker: akakumana, atakumana kapena akanakumana?

Wowerenga wina wa ku Kasungu, amene akuti nkhonya anayamba kuikonda ali mwana, walemba motere: "Tinkatsutsana ndi anzanga pagolosale za akatswiri a nkhonya a matupi opepuka. Ine ndinafunsa kuti, 'Roberto Durán akakumana ndi Pernell Whitaker adzapambana ndani?' Mkulu wina anandidula pakamwa n'kunena kuti Chichewa changa n'chopotoka. Ndinalakwitsa pati? Nanga lightweight tizinena kuti chiyani?"

Mkuluyo sanakulakwireni, achimwene, ngakhale kuti kudula munthu pakamwa si khalidwe. Vuto lili pa kaphatikizo kakang'ono kamene munaika pakati pa mneni.

Mukati "akakumana", mukunena chinthu chimene mukuchiyembekezera. Ndi mmene mlimi amanenera kuti mvula ikagwa tidzadzala: mvula ikubwera ndithu, chimene sitikudziwa ndi tsiku. Mukati "atakumana, angapambane ndani?" mwabwerera pambuyo pang'ono. Palibe wakonza nkhonyayo, koma njira ikadali yotseguka, ngati munthu wonena kuti nditapeza ndalama ndingagule njinga. Mawu amenewa ndi oyenera anyamata awiri amene onse akumenyabe lero. Koma pali njira yachitatu, ya zinthu zimene sizinachitike ndipo mpata wake unatha: "Akanakumana, akanapambana ndani?"

Tsono taonani anthu anu awiriwo. Durán wa ku Panama anabadwa mu 1951. Analanda lamba wa lightweight kwa Ken Buchanan ku Madison Square Garden mu June 1972, n'kuuteteza maulendo 12, kenako anausiya mu 1979 kuti akwere m'magulu olemererapo. Whitaker wa ku America anabadwa mu 1964, anatenga mendulo yagolide ku Olympics ya ku Los Angeles mu 1984, ndipo malamba onse akuluakulu a gululi anawasonkhanitsa mu 1990. Pamene Whitaker ankalowa m'gululi, Durán anali atatulukamo kalekale. Komanso Whitaker anamwalira mu 2019 atagundidwa ndi galimoto. Munthu amene anatisiya sitingamunene kuti "akakumana". Ndiye funso lanu linayenera kukhala lotere: Durán ndi Whitaker akanakumana onse ali pachimake, akanapambana ndani?

Muone kuti -kana- amabwera kawiri, kumbali ya chifukwa ndi kumbali ya zotsatira. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, makamaka polemba mwachangu pafoni. Amayamba bwino kuti "akanakumana", n'kumaliza ndi "angapambane" kapena "adzapambana". Chiganizo chotero chimayenda motsimphina, mwendo wina m'mbuyo wina m'tsogolo. Mukafuna kusinthako mawu, gwiritsani "bwenzi": akanakumana, bwenzi Durán atamuthamangitsa m'bwalo monse. Pokana timati "sakanapambana", koma kumbali ya chifukwa timabwereka mneni "kupanda": Whitaker akanapanda kutopa, Durán sakanamupeza.

Mwina mkulu uja ananena kuti "akadakumana". Ndi zomwezo. Kusiyana kwa -kana- ndi -kada- n'kofanana ndi kwa "ndinapita" ndi "ndidapita". Madera amasiyana, ndipo amene anaphunzira sukulu nthawi ya Kamuzu anazolowetsedwa kwambiri -da-. Sankhani chimodzi, musasakanize m'chiganizo chimodzi. Chenjezo langa ndi limodzi: -kada- alinso ndi tanthauzo la "mpaka pano", monga mu "akadali moyo" kapena "mwana akadagona". Pakamwa kamvekedwe ka mawu kamasiyanitsa, koma papepala palibe chokuthandizani. N'chifukwa chake ine polemba nkhani zoyerekezazi ndimakonda -kana-.

Za lightweight. Chichewa chilibe dzina limodzi lokhazikika la gulu lililonse la nkhonya, ndipo sindiona cholakwika kusiya dzinalo mmene lilili n'kulifotokoza kamodzi: gulu la lightweight, la anthu osapitirira mapaundi 135, omwe ndi makilogalamu 61 ndi kadontho pamwamba. "Opepuka thupi" ndi mawu abwino ponena magulu onse apansi pamodzi. Koma samalani, musamasulire liwu ndi liwu. Isaac Chilemba wathu, amene anamenyana ndi Sergey Kovalev ku Russia mu 2016, anali m'gulu la light heavyweight, la mapaundi 175. Amenewo ndi makilogalamu 79. Munthu wotero mukamutchula wopepuka, amene anamuonapo akusekani.

Pali chinanso chimene simunafunse koma chili m'funso lanulo, mneni "kupambana". Mneni ameneyu amagwira ntchito ziwiri: kutenga chigonjetso, komanso kuposa. Mukati "Whitaker ankapambana Durán pa kuzinda nkhonya", mukuyerekeza luso, simukunena za nkhonya imene inachitika. Pofuna kuti asakumveni molakwika, yerekezani ndi "kuposa", ndipo zotsatira muzinene ndi "kugonjetsa". Musaiwalenso kuti kugwetsa ndi kugonjetsa ndi zinthu ziwiri. Esteban de Jesús anagwetsa Durán mu raundi yoyamba mu 1972 ndipo anamugonjetsa pa mapointi. Mu 1974 anamugwetsanso mu raundi yoyamba, koma Durán anadzuka, n'kumugonjetsa iyeyo mu raundi ya 11. Wolemba amene angati "anamumenya" pa nkhonya zonse ziwirizi sanatiuze kanthu, pakuti m'bwalo aliyense amamenya ndi kumenyedwa.

Chimene ndimakondera -kana- n'chakuti amakukakamizani kutchula zimene mwayerekeza. Akanakumana liti, pa malamulo a ndani? M'masiku a Durán nkhonya za lamba zinkakhala za maraundi 15. Anayamba kuzichepetsa kufika pa 12 pambuyo pa imfa ya Duk Koo Kim wa ku South Korea, amene anavulala pomenyana ndi Ray Mancini ku Las Vegas mu November 1982, polimbirana lamba wa lightweight. Mukabwerera kale kwambiri, Joe Gans ndi Battling Nelson anamenyana maraundi 42 ku Goldfield, Nevada, mu 1906. Choncho chiganizo chomveka n'chotere: zikanakhala za maraundi 12, Whitaker, wamanzere uja wovuta kumukhudza, akanatha kuzemba mpaka belu lomaliza, zikanakhala za 15, nkhonya za m'nthiti za Durán zikanamufooketsa miyendo. Akuluakulu anati mwamuna mnzako n'pachulu, umalinga utakwerapo. Awiriwa chulu chimenecho sanakwere, ndipo mneni wanu azisonyeza zimenezo.

Mukandifunsa ine, ndikanaika mtima pa Durán wa mu 1978, amene anamaliza de Jesús mu raundi ya 12 pa nkhonya yawo yachitatu. Sanali wongothamangira kutsogolo ngati mmene ena amamukumbukirira. Ankadziwa kupendeketsa mutu nkhonya n'kumudutsa pakhutu, iye ali kale pachifuwa pako. Koma taonani kuti nanenso ndati "ndikanaika". Mukabwerera pagolosale paja, kafunseni mkuluyo kuti, "Nanga inu bambo, akanakumana pa maraundi 15, mukanasankha ndani?"