J, K162 ndi ABC-123: dzina la malo ndi liti?

Mnyamata wina wa ku Nchalo wanditumizira imelo. Akuti walowa koyamba mu wormhole (malo obisika ofikako podzera pa dzenje la m'mlengalenga) pa EVE Online, gemu ya pa intaneti ya zisitima za m'mlengalenga, ndipo mutu wazungulira: pakona ya sikirini pali J ndi manambala 6, dzenje lomwe analowera linalembedwa K162, pomwe pa probe scanner, chida chofufuzira maenjewa, linkaoneka ngati ABC-123. Akufunsa kuti dzina la malowo ndi liti pa zitatuzi.

Achimwene, dzina ndi la J lija. Kampani ya CCP ya ku Iceland itabweretsa ma wormhole mu 2009, pa Apocrypha, sinavutike kuwatcha mayina ngati Jita kapena Amarr, malo odziwika a mu gemuyi. Alipo oposa 2,500, lililonse ndi J yake yosasintha. Thera, yemwe anabwera mu 2014, ndi mmodzi mwa ochepa okhala ndi dzina lomveka. Koma J payokha sikuuzani kuopsa kwa malo. Onani dzina la region (chigawo): likayamba ndi A muli mu C1, kalasi yosaopsa kwambiri, B ndi C2, mpaka F yomwe ndi C6. Mukaona E kapena F muli nokha ndi kasitima kakang'ono, musayerekeze kuputa ma Sleeper, adani oyendetsedwa ndi kompyuta okhala m'menemo. Kapena ingolembani J yanuyo pa webusaiti ya anoik.is, ikuonetsani kalasi ndi ma static ake, mitundu ya maenje omwe sasowa m'malowo.

ABC-123 ndi chizindikiro chabe cha pa scanner. Dzenje likatsekeka, nacho chapita.

Pa K162 ndi pomwe ambiri amapusira. Amene anakwerapo bwato ku Elephant Marsh akudziwa kuti mudzi wa kumtunda susuntha, koma njira ya m'bango yomwe munadutsa dzulo mawa mupeza namasupuni waitseka, ina yatseguka kwina. Maenjewa ndi chimodzimodzi: ambiri amakhala maola 16 kapena 24, kapena kugwa msanga zisitima zolemera zikadutsa zambiri. Dzenje lili ndi mbali ziwiri. Komwe linayambira kumalembedwa mtundu wake weniweni, monga B274 yochoka mu C2 kupita ku highsec (madera otetezeka), kapena N110 yochoka mu C1 kupita komweko. Kotulukira n'komwe kumalembedwa K162, kulikonse. Choncho K162 siinena komwe mukupita. Imangokunong'onezani kuti tsidya linalo kuli munthu amene analipeza kale dzenjelo. Ine ndimaona kuti uthenga umenewu ukuposa J yomwe, chifukwa mu wormhole Local, pochezera pa onse ali m'malo amodzi, siionetsa amene alimo mpaka atalankhula yekha.

Musanalowe dinani Show Info pa dzenjelo kuti muone komwe likupita. Mawu akuti "unknown" ndi C1 mpaka C3, "dangerous unknown" ndi C4 kapena C5, "deadly unknown" ndi C6.

Mukangotulukira tsidya lija, sungani bookmark ya dzenjelo musanachite china chilichonse. Ine tsiku lina kuno ku Bangula, kukutentha koopsa, magetsi anathima ndisanasunge. Pobwerera usiku ndinapeza ma probe, tizida tofufuzira dzenje, atha nthawi m'mlengalenga, ena ndinalibe. J ndinkaidziwa bwinobwino, koma kwathu ndinafika pophulitsa ndekha pod yanga, kakapisozi komwe woyendetsa amakhalamo.